Chigamba chomwe chinabwezedwa katatu

Nkhani ya lero ndi yaitali, amene mamega akuperewera muisunge mudzawerenge usiku. Ndipo inu amene mumandidzudzula kuti mphunzitsi wa ku Mozambique akulemberanji ch m'malo mwa c, ndakumvani. Pa bolodi ndimalemba c monga buku likunenera. Pano dzanja limabwerera komwe linaphunzirira, chifukwa ine kuwerenga ndinakuphunzira kufupi ndi Dedza, tili othawa nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere. Nkhani ya leroyi ikukhudza zomwezo.

Chaka chatha aphunzitsi 11 a ZIP yathu tinagwirizana zoti tizilemba tokha tinkhani towerenga ta ana a kalasi 1 mpaka 3. Mukudziwa mmene zimakhalira. Mwana akakhala ndi buku limodzi lomwelo chaka chonse amaliloweza pamtima, ndiye ukamuimiritsa sakuwerenganso, akungoimba. Tinati aliyense azilemba tinkhani tiwiri pa mwezi n'kutumiza pa WhatsApp, ine ndizisonkhanitsa pa laputopu, tikasonkherana ndalama tikapulinte ku Ulongwe.

Mwezi woyamba tinkhani tinabwera 19. Nditayamba kutiika pamodzi mutu unandiwawa. Wina cimanga, wina chimanga, wina tchimanga. Wina nyumba, wina nhumba monga amalembera Apwitikizi. M'nyumba, mnyumba, mu nyumba, munyumba, zonse zinayi m'kabuku kamodzi. Ng'ombe inabwera m'maonekedwe atatu. Ndinatenga cholembera chofiira.

Pagulu pathu pali aphunzitsi ena achikulire, amene anayamba kugwira choko ine ndisanalowe m'kalasi. Nkhani yawo inali ya mbuzi yomwe inathyola mpanda n'kukalowa m'munda wa kachewere wa eni, ndi kamnyamata kobusa komwe kanayesa kufufuta mapazi a mbuziyo ndi nthambi. Mwa tonse 19 imeneyi ndiyo inali nkhani yeniyeni, ya mtundu uja ana amati bwerezaninso. Ndinaipulinta, ndinaikonza ndi chofiira malo 43, ndinaijambula n'kuiponya pa gulu kuti onse aphunzirepo. Akuluwo anayankha mawu atatu okha: "Zikomo amayi, ndaona." Sanatumizenso kanthu. Patapita milungu iwiri enanso awiri anasiya kutumiza. Ine ndinkadziuza kuti ndi ulesi, ndiponso kuti chilankhulo chopanda kalembedwe kamodzi sichipita patali.

Pa tchuthi cha Disembala kunabwera mwana wa achimwene anga amene akuphunzira za makompyuta ku Tete. Ndi iyeyu amene anandichotsera Windows pa laputopu yanga yokalamba n'kuikamo Linux kuti isamachedwe. Usiku wina ndinamupeza atatsegula windo lakuda lija lopanda zithunzi, akudzuma. Ndinafunsa kuti kwagwanji.

"Azakhali, andibwezeranso chigamba changa. Kachitatu."

Chigamba ndi mmene iye amatchulira patch, ndipo dzinalo n'loyenera, chifukwa ndi kachidutswa komwe umatumiza kwa eni pulogalamu kuti asokere pamene pang'ambika. Iye anapeza mawu olakwika pa tsamba la malangizo la kapulogalamu kena kakang'ono, anakonza, n'kutumiza pa imelo. Sanamubwezere chifukwa chakuti kukonzako kunali kolakwika ayi. Anavomera kuti waona bwino. Anamubwezera chifukwa cha kaikidwe ka mizere ndi kamzere kamodzi kopingasa. Ndinakhala pansi, chifukwa ndinamva fungo la nkhani yanga.

Ndifotokoze pang'ono kwa amene simunazionepo. Pa Linux ndi makina ena a banja la Unix, ukaiwala mmene komandi ina imagwirira ntchito sufunika intaneti. Umalemba man, kenako dzina la komandiyo, tsamba lofotokoza limatuluka pomwepo. Buku loyamba la masamba amenewa ndi la pa 3 Novembala 1971, ku Bell Labs ku America. Analilemba Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene anapanga Unix, mkulu wawo Doug McIlroy atawaumiriza. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mitu yomwe anaika nthawi imeneyo ilipobe lero, zaka zoposa 50: NAME, pamene pali dzina ndi mzere umodzi wonena ntchito yake, SYNOPSIS, kalembedwe ka komandiyo mwachidule, DESCRIPTION, kufotokoza kwathunthu, FILES, SEE ALSO, kukulozera masamba ena achibale, ndi BUGS, umene ndiubwerera kutsogoloku. Masambawa alembedwa ndi anthu ambirimbiri osadziwana, a m'maiko osiyana, koma ukatsegula lililonse umadziwa pomwe diso ligwere.

Masambawa anagawidwa m'zigawo za manambala. Gawo 1 ndi makomandi a munthu wamba, 2 ndi 3 ndi za olemba mapulogalamu, 4 ndi mafayilo apadera a zipangizo, 5 ndi kapangidwe ka mafayilo, 6 ndi magemu, 7 ndi nkhani zosiyanasiyana ndi mfundo zomwe anagwirizana, 8 ndi makomandi a woyang'anira makina. Dzina limodzi likhoza kupezeka kawiri, ndiye nambala imalembedwa m'mabulaketi kuti usasokonezeke: passwd(1) ndi komandi yosinthira pasiwedi, passwd(5) ndi fayilo yosunga maina a ogwiritsa ntchito makinawo. Ndinaseka n'kumuuza kuti ifenso tikufunika mtengo(1) wa m'nkhalango ndi mtengo(2) wa pamsika.

Kenako anatsegula tsamba lomwe linandikhazika mpaka pakati pa usiku. Dzina lake ndi man-pages(7), tsamba la malangizo lofotokoza mmene ungalembere tsamba la malangizo. Ndi la gulu losamala masamba a Linux, limene Michael Kerrisk analitsogolera zaka zambiri kuyambira 2004, ndipo tsopano likutsogoleredwa ndi Alejandro Colomar. Chingerezi changa n'chopunduka, mnyamatayo ankanditanthauzira pakati pa Chinyanja ndi Chipwitikizi.

Muli zinthu zing'onozing'ono zoti munthu ungaziseke. Tsiku lilembedwe chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku. Mawu oti uwatayipe ndendende mmene alili alembedwe ndi zilembo zonenepa, mawu oti uikepo ako alembedwe ndi zopendekera. Zimene ungathe kuzisiya zikhale m'mabulaketi a makona. Pa SEE ALSO masamba andandalikidwe potsata nambala ya gawo, kenako alifabeti, ndipo pamapeto pasakhale kadontho. Mzere usatalike kupitirira zilembo pafupifupi 75. Pali ngakhale tebulo la mawu okondedwa: lembani filename pamodzi, osati motalikirana, filesystem chimodzimodzi. Kalembedwe ka Chingerezi kakhale ka ku America.

Tsopano onani zifukwa zitatu zomwe anamubwezera. Ulendo woyamba, pokonza mawu amodzi anasanjanso ndime yonse kuti ioneke bwino. Koma lamulo lawo ndi lakuti chiganizo chilichonse chiyambe pa mzere wakewake, chachitali chidulidwe pa koma kapena pamene ganizo lapumira. Malangizo amenewa Brian Kernighan anawapereka kale m'zaka za m'ma 1970. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu yoyerekeza zolemba ziwiri imayang'ana mzere ndi mzere. Ukasintha mawu amodzi pa chiganizo chomwe chili pa mzere wake, woyang'anira amaona mzere umodzi wosinthika, amavomera msanga. Ukasanjanso ndime, mizere yonse imaoneka ngati yatsopano, ndiye munthu awerenge zonse kufunafuna pomwe wakhudza. Wowerenga tsamba lomalizidwa saona chilichonse cha zimenezi, makina amalumikiza mizere yokha. Lamuloli ndi lochitira chifundo mnzako amene adzakonze pambuyo pako.

Ulendo wachiwiri kanali kamzere kopingasa kaja kamene kamakhala kutsogolo kwa chilembo pa komandi. Pa maso timizere tonse timafanana. Kwa kompyuta ndi zilembo zosiyana. M'fayilo ya tsambalo uyenera kulemba \- kuti patuluke kamzere komwe makina amakamva. Ukalemba wamba, pa makina ena kamatuluka ka mtundu wina, ndiye munthu akakopera chitsanzo n'kuchiika pa windo lakuda, komandi imakana, iye osadziwa chomwe walakwa. Apa ndinakumbukira kakoma kathu ka m'mwamba ka ng'. Foni ina imatulutsa koongoka, ina kopindika. Pa laputopu ndinafufuzapo ng'ombe m'tinkhani tathu n'kupeza malo anayi, pomwe ndinkadziwa kuti ng'ombe zilimo zambiri. Ndipo kakomako kakasowa, kuno ku Angónia nkhani imasinthiratu, chifukwa ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi gule wathu wa Angoni.

Ulendo wachitatu anamuuza kuti wasakaniza zinthu ziwiri m'chigamba chimodzi, kukonza tanthauzo ndi kukonza maonekedwe. Azilekanitse, kuti ngati wina sakugwirizana ndi chimodzi chinacho chidutsebe.

Ndinamupempha andiwerengere mayankhowo. Anali ouma, opanda moni wautali. Koma palibe pomwe anamunena iyeyo. Yankho lililonse linkamulozera pa ndime ya lamulo lolembedwa, lomwe aliyense angathe kutsegula pa makina ake omwe, ndipo malamulo ambiri chifukwa chake chimaoneka. Mnyamatayo ankadzuma, koma sanasiye, chifukwa ankadziwa kuti akawerenga tsambalo ulendo wachinayi adutsa. Anadutsadi tchuthi chisanathe, ndipo anandionetsa dzina lake m'mbiri ya pulogalamuyo ngati wapambana mpikisano.

Usiku umenewo ndinatulutsa pepala la mbuzi lija n'kuwerenga zofiira zanga chimodzichimodzi. Mwa 43, zokwana 30 zinali ch yemwe ndinamusintha kukhala c. Lamulo limodzi, ine ndinalisandutsa mabala 30 pa pepala la munthu wamkulu, pamaso pa anzake. Ndipo lamulolo sitinaligwirizane pa gulu, sitinalilembe paliponse. Linali m'mutu mwanga ndi m'cholembera changa basi. Choipitsitsa, ine ndemwe ndimalemba ch ndikakhala ndekha. Munthu amene walowa mpingo dzulo ndi amene amafuula kwambiri.

Musandimve molakwa, c ali ndi maziko ake. Kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino kanakambidwa pa misonkhano ya 1988, 1999 ndi 2008, yomwe akatswiri a NELIMO pa Universidade Eduardo Mondlane anali patsogolo pake, ndipo mabuku a ana athu amatsata zimenezo. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zomwe zinayesedwa poyamba m'sukulu, pa PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, kuno ku Tete, pamene ku Gaza ankayesa Xichangana. Ku Zambia amalembanso c. Ngakhale Buku Lopatulika lakale la agogo athu lili ndi c. Mwana wa kalasi 1 sayenera kuona cimanga m'buku la boma, mawa chimanga m'kabuku kathu. Pamenepa sindinasinthe maganizo. Koma amene amati c ndi wosavuta kapena ch ndi wosavuta sanaimepo pamaso pa ana pamene Chipwitikizi chayamba kulowa. Mwana akaphunzira cinco amabwerera n'kuwerenga simanga. Akaphunzira chuva ndi chave amawerenga shimanga. Msampha ulipo mbali zonse ziwiri, ndipo timasankha c chifukwa tinagwirizana, monga aja anasankhira kalembedwe ka ku America podziwa kuti a ku Britain adzamva kuwawa.

Kusiyana kwathu ndi iwo ndi apa. Lamulo lawo lili m'makina momwemo, ulemba mawu awiri latuluka. Lathu lili m'malipoti amene ambiri a ife sitinawagwirepo m'manja. Timadziwa zomwe tinamva pa maphunziro a masiku ochepa, wina anamva izi, wina izo, ndiye amene ali ndi laputopu ndi amene amakhala lamulo.

Mnyamata uja anandionetsa kuti makina akhoza kusintha ch kukhala c m'tinkhani tonse nthawi yophethira diso. Tinayesa. Tinaseka mpaka misozi, chifukwa anasinthanso ch wa mkati mwa tch, tchire linasanduka tcire, ntchito inasanduka ntcito. Anakonza kuti mawu a tch asakhudzidwe, tiziwaona pamanja buku la kalasi lili pambali. Koma mfundo inali itamveka: ntchito yomwe ndinachititsira munthu manyazi inali ya makina.

Zofiira 12 zina zinali tinthu ta makoma ndi mipata. Chotsala chimodzi ndicho chinandisowetsa tulo. Akuluwo analemba kuti mbuzi inatuluka m'chibaya. Ine ndinadula n'kulemba khola.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi tsamba lija. Tebulo la mawu okondedwa ndi labwino kwa anthu a makompyuta, chifukwa chinthu chimodzi chikakhala ndi maina awiri munthu amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri, ndipo akafufuza dzina limodzi linalo limamuphonya. Filename alibe agogo. Chibaya chili ndi agogo. Ndi mawu omwe anatsala m'kamwa mwathu kuchokera ku Chingoni, ndipo mwana wa kumudzi kwa akuluwo amawamva m'mawa uliwonse. Cholinga chonse chophunzitsira m'chilankhulo cha mwana n'chakuti akalowa m'kalasi apeze mawu a kwawo ali pa pepala. Ine ndinatenga mawu a kwawo n'kuikapo a m'buku, ndendende zomwe timadandaula kuti Chipwitikizi chinkachita kwa ife. Pa msonkhano wa Januwale mnzathu wina, atamva za tebulo lija, anati ifenso tipange ndandanda ya mawu oletsedwa, kuti tisiye kusakaniza kachewere ndi batata. Ndinakana, ndipo tinakangana mpaka tiyi anazizira. Zilembo tigwirizane, inde. Mawu ayi. A ku nyanja ku Niassa ali ndi awo, a ku Macanga ali ndi awo, ndipo kabuku kakafika kumene mawuwo ndi achilendo, mphunzitsi ali ndi pakamwa, afotokoze.

Chomwe tinatuluka nacho pa msonkhanowo ndi tsamba limodzi, osati awiri. Pamwamba pa kankhani kalikonse pakhale mutu, kalasi, wolemba, ndi mzere umodzi wonena zilembo zomwe kankhaniko kakuphunzitsa. Izi ndinabera pa NAME, chifukwa mzere umodzi uja makina amautola n'kupanga ndandanda yomwe komandi ya apropos imafufuzamo, ndiye ukalemba mosatsata ndondomeko tsamba lako silipezeka. Ifenso tsopano mphunzitsi akafuna kankhani ka ng' kapena ka ph amakapeza osawerenga mulu wonse. Chiganizo chilichonse pa mzere wake, zomwe kwa ana a kalasi 1 n'zabwino kale. Kakoma ka m'mwamba kakhale koongoka. C pa kabuku kopulinta, koma wolemba atumize mmene dzanja lake lazolowerera, kusintha ndi ntchito ya makina. Pansi pa lamulo lililonse tinalemba chifukwa chake, ndipo malamulo awiri omwe tinalephera kuwapezera chifukwa tinawachotsa. Kukonza kuzipita kwa mwini nkhani payekha, osati pa gulu, ndipo za zilembo zisasakanizidwe ndi za mawu. Mawu sasinthidwa mwini wake asanavomere.

Ndipo tinaika mutu wathu wa BUGS. Zinandikhudza kuti anthu aja, m'buku lawo loyambirira, anasiya malo olembapo poyera zomwe pulogalamu yawo imalakwitsa. Ife tinautcha Zomwe Sitinagwirizanebe. Pakali pano pali zinthu zinayi.

Lamlungu lotsatira nditaweruka ku tchalitchi ndinapalasa njinga kupita kwa akuluwo, tsambalo lili m'chikwama ndi paketi ya shuga. Ndinawapeza akupalira. Tinakhala pakhonde, mayi a kunyumbako anabweretsa chimanga chootcha. Ndinapepesa mmene ndinathera. Anawerenga tsambalo pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno, kawiri konse.

"Amayi, c wanuyo ine sindinamukane. Ndakalamba, dzanja silimva, koma sindinamukane. Zoti munandipachika pa gulu, zimenezo zinapita. Koma chibaya munachichotseranji?"

Ndinati ndinalakwa, abambo, chibwerera.

"Mbuzi ija ndi ya bambo anga. Kamnyamatako ndine. Sinatuluke m'khola."

Sanalonjeze kanthu tsiku limenelo. Mu Febuluwale mwana wa sukulu yawo anandibweretsera envulopu. Munali nkhani ya masamba awiri yolemba pamanja, ya matalala omwe anagwa tsiku la msika, ch paliponse, ndipo pansi analemba kuti makina anuwo akonze. Ndinawerenga kuti ndione ngati atsata za chiganizo chimodzi pa mzere. Anatsata, mpaka anajambula timizere ndi rula.

Mwa awiri ena aja amene anasiya, m'modzi anabwerera. Winayo sayankha mauthenga anga mpaka lero, ndipo akandiona pa msika amalonjera n'kudutsa.

Nkhani ya mbuzi tinaipulinta makope 60, chibaya chili m'malo mwake. Loweruka likubwerali tikumana kuti tikambe chinthu choyamba pa mutu wa zosagwirizana uja, m'nyumba kapena mnyumba. Asanu akuti kakoma kakhale, anayi akuti kachoke chifukwa ana amakasokoneza ndi ka ng', ndipo akuluwo atumiza uthenga kuti abwera, tisayambe iwo asanafike.